Kodi jinzi ndi yabuluu?

Mwana wa mlongo wanga anabwera kunyumba tsiku Loweruka atanyamula kope ndi mapensulo atatu. Anati aphunzitsi awauza kuti aliyense ajambule chovala chimodzi cha pakhomo, ndipo iye wasankha jinzi yanga ija ndinagula pa kaunjika. “Amalume, paja inu munkajambula mapu pabolodi, tandiyambireniko,” anatero. Ndinavomera msanga. Buluku lili ndi miyendo iwiri, chiuno chimodzi ndi matumba. Ndinajambula zonsezo, ndinapaka buluu kuyambira m'chiuno mpaka mu akakolo, n'kumupatsa. Mwanayo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa mwaulemu ngati imeneyi ndi yunifolomu ya alonda. Ndinalakwa pati? Miyendo inalipo iwiri. Buluu analipo wokwanira. Nanga jinziyo inathawira kuti?

Inu owerenga, jinzi mumaidziwa. Mwina mwaivala panopa. Amavala wakabaza, amavala dokotala, ndipo masiku ano ngakhale abusa amaivala Lolemba. Koma alipo anakukhazikani pansi n'kukuuzani chimene chimachititsa jinzi kukhala jinzi? Ine palibe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho ndinaikoleka pampando wa pabalaza n'kuyamba kufunsa. Funso loyamba linali lapafupi: mtundu wake ndi wotani? Ine ndinati buluu. Mayi a kunyumba anati kamtambo. Agogo ake a mwanayo, amene kwa iwo chilichonse chosakhala chofiira, choyera kapena chakuda n'chobiriwira, anati ndi yobiriwira basi. Ndiye mwanayo anaitembenuza, mkati kukhala kunja, tonse n'kungoti kakasi. Munali motuwa mbuu. Nsalu imodzi, yopanda ina yomata kumbuyo, ikhala bwanji ndi mitundu iwiri?

Ndinapita nayo kwa telala wa pakhonde la golosale. Iye sanadabwe. Anatenga kansanza ka jinzi ina m'thumba la zidutswa, n'kusolola timaulusi tiwiri ndi nsonga ya singano, kena kabuluu, kena koyera. “Achimwene,” anatero, “woimirirawu ndiye wabuluu, wogonawu ndi woyera. Wabuluu umadumpha oyera atatu, n'kulowa pansi pa umodzi. N'chifukwa chake kunja kumachuluka buluu, mkati kumachuluka kuyera.” Anandionetsanso timizere topendekera tothamanga pansalu yonseyo, ngati tija timaoneka pa lichero. Zaka zonsezi ndakhala ndikuvala lichero osadziwa? Ndipo ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene diso likuona kunjako n'loyera, bwanji aliyense amalumbira kuti jinzi ndi yabuluu? Timadontho toyerato timapita kuti munthu akaima patali?

Ndinabwerera kunyumba pensulo ili yosongoka, wokonzeka kujambula kamzere kalikonse. Ndiye panabuka funso la mbali. Timizereto tipendekere kuti? Ndinawerenga kuti pa majinzi a Levi's timakwera cha kumanja, pa a Lee timakwera cha kumanzere, ndipo a Wrangler anangotikhotetsa uku ndi uku kuti mwendo wa buluku usamapotoke ukachapidwa. Yanga inali ya kumanja. Ndinayambira pathumba 2 koloko masana, ndipo mmene nkhuku zinkalowa m'khola n'kuti ndisanafike pabondo. Chimene ndinajambulacho chinkaoneka ngati mvula yamphepo. Mabuku a akatswiri amati usajambule mizere yonse, ingoikapo pang'ono malo awiri kapena atatu, diso la woonera limaliza lokha. Zoona? Ngati womaliza ntchito ndi woonera, wojambula ndani pamenepa? Ndipo akamagula chithunzicho, akulipira thukuta la yani?

Mapensulo a mwanayo anali ndi zilembo: 2H, HB ndi 6B. Ine kusukulu ndinkadziwa pensulo imodzi yokha, ija tinkadula pakati kuti tigawane ndi mng'ono wanga. Akuti mtima wa pensulo ndi mwala wakuda wotchedwa graphite wosakaniza ndi dongo, nzeru imene Mfalansa wina, Nicolas-Jacques Conté, anatulukira mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, ndiyo H. Likachepa imafewa n'kumalemba bii, ndiyo B. Ndinagoneka 6B cham'mbali n'kukhula papepala lokhakhala, timaenje ta pepalalo n'kutsala toyera tokha. Mayi a kunyumba podutsa ndi beseni anangoti, “Eee, jinzi ija.” Apa mutu unaima. Dzulo ndinathira buluu yense wa m'bokosi, anthu anaona mlonda. Lero mulibe buluu ngakhale kadontho, akuona jinzi. Ndiye buluuyo ntchito yake n'chiyani?

Kenaka panabwera nkhani ya chofufutira. Ife tinakula tikudziwa kuti kufufuta ndi umboni wa umbuli. Ukafufuta kwambiri kope linkabooka, ndipo aphunzitsi ankayamba kuona bowolo asanaone yankho. Wopanda labala ankanyowetsa chala ndi malovu, zinthu n'kuipiraipira. Lero akatswiri akuti pojambula jinzi, chofufutira nachonso n'chojambulira. Uyambe wadetsa mwendo wonse, kenaka uchotse pantchafu, pabondo, m'mphepete mwa thumba ndi pamwamba pa msoko uliwonse. Alinso ndi chofufutira china chofewa ngati chingamu, chimene umachiumba ndi zala kuti chisongoke, n'kumadinda nacho m'malo mokhula. Ndinayesa, ndipo bondo linatulukira pamene ndinachotsa, osati pamene ndinalemba. Nanga tinkakwapulidwiranji? Kapena tonse a kumbuyo kwa kalasi tinali akatswiri osadziwika?

Ndinafuna kudziwa chifukwa chake nsalu imeneyi imafuna kufufutidwa. Nkhani yagona pa utoto wake, indigo. Kale unkachokera ku masamba a chitsamba chimene chinkalimidwa kwambiri ku India, mpaka mu 1897 pamene kampani ya BASF ku Germany inayamba kugulitsa wopangira m'fakitale. Utotowu susungunuka m'madzi. Amayamba ausandutsa ndi mankhwala, ndipo ulusi ukamavuulidwa umakhala wachikasu mobiriwirira. Ukakumana ndi mpweya m'pamene umasanduka wabuluu. Amauviika kangapo konse, komabe utotowo umangokuta kunja, mtima wa ulusi n'kutsala woyera ngati chinangwa m'khungu lake. Ndiye bondo likamakhula tsiku ndi tsiku, khungulo limasendeka. Jinzi imadzifufuta yokha. Koma taimani. Chitenje chikasuluka pochapa koyamba, amayi amabwerera nacho kwa wogulitsa atakwiya. Jinzi ikasuluka, wogulitsa amakweza mtengo. Anagwirizana zimenezi ndani, ndipo ife tinali kuti?

Mwanayo, poona kuti amalume ake avutika, anatenga pepala lopyapyala n'kuliyala pamwendo wa jinzi yeniyeniyo, kenaka anakhula ndi pensulo. Mphindi imodzi isanathe timizere tonse tija tinatuluka tokha, topendekera bwinobwino, msoko ndi makwinya ake omwe. Ndinakumbuka kuti ifenso tinkatero ndi makobidi, tambala n'kuonekera papepala ndi lipombo lake lomwe. Ndinamuuza kuti kumeneko n'kubera. Iye anati aphunzitsi awo amati ndi luso, lili ndi dzina lachifalansa loti frottage, ndipo Max Ernst wa ku Germany anatchuka nalo kuyambira mu 1925 atakhula mapepala pamatabwa a pansi m'nyumba ya alendo. Ntchito zakezo amazisunga m'magalasi, anthu n'kumalipira kuti akazione. Zathu zija anakolezera moto. Kusiyana kwake kuli pati? Padzina lachifalansalo? Ndipo ngati jinzi yadzijambula yokha, malikisi apite kwa mwana kapena kwa buluku?

Tsiku lotsatira tinayesa makala. Ine ndinangopita pambaula n'kutola. Mwanayo anati a akatswiri amagulidwa m'bokosi, timitengo towonda ta mpesa kapena ta willow, towotchedwa mopanda mpweya. Ndinafunsa kuti nanga a m'thumba lathuli anawotchedwa motani, poti uvuni wa makala nawonso amaukwirira ndi dothi. Sanayankhe. Makala amadetsa msanga ndipo amamvera chala, ukangosisita pang'ono mthunzi wafalikira ngati utsi. Vuto n'lakuti jinzi si utsi. Chitenje chikapindika chimayenderera ngati madzi, pamene jinzi imathyoka ngati katoni, makwinya ake ali ndi ngodya. Ndikasisita, buluku linkasanduka la silika. Ndikasiya osasisita, linkasanduka khungwa la mtengo. Pomaliza ndinayetsemula, theka la mwendo n'kuuluka. Akuti pali mankhwala opopera kuti makalawo amatirire. Nsalu yolimba chonchi, imene ankavala anthu a m'migodi, ijambulidwe ndi chinthu choopa chimfine?

Makwinyawo nawonso ali ndi mayina, ndipo tsiku lowatcha palibe anandiitana. Aja oyera otambalala kuchokera pazipi kupita m'matumba akuti ndi ndevu za mphaka. Ku Japan, kumene kuli anthu okonda jinzi mwaukadaulo, amangoti hige, kutanthauza ndevu. A kuseri kwa bondo akuti ndi zisa za njuchi. Anayamba ndani kusuzumira kuseri kwa maondo a anzake? Koma chondizunguza chenicheni ndi ichi. Pamsana pa khwinya pamayera chifukwa pamakhulika, m'chigwa mwake mumada chifukwa utoto unabisalamo. Pamsana pomweponso pamawala chifukwa dzuwa likufikapo, m'chigwamo mumada chifukwa cha mthunzi. Midima iwiri, malo amodzi. Ukasuntha nyali, wina umasuntha, wina umakhala pomwepo. Ukaisita jinziyo, makwinya amachoka koma zipsera zawo zimatsala. Ndiye pensulo yanga imodziyi imuuze bwanji munthu kuti mdima uwu ndi wa lero masana, uwo ndi wa zaka zitatu?

Ndinaganiza kuti bolopeni yabuluu ithetsa mlandu. Ndi yotchipa, ili m'thumba la aliyense, ndipo mtundu wake wayandikira jinzi yatsopano kuposa chilichonse m'nyumba muno. László Bíró, mtolankhani wa ku Hungary amene anailembetsa mu 1938, ankafuna cholembera cha inki yosachedwa kuuma, osati chojambulira mabuluku, komabe imagwira. Ukaiyendetsa mopepuka imalemba motuwa, ukapingasa mizere pamwamba pa inzake imada pang'onopang'ono, ndipo kupingasanako kumafanana ndi kaombedwe ka nsalu. Kungoti bolopeni ilibe chisoni. Silola kufufuta, ndipo imadikira kuti ufike pabondo, pamalo oyera kwambiri, ndiye n'kusanzapo inki. Pamafunika kudziwiratu poyera ponse usanalembe kamzere koyamba. Mwini jinzi zinamutengera zaka kuti adziwe pamene buluku lake lidzayere. Ine ndidziwe bwanji m'mphindi yoyamba?

Utoto wa madzi ndiye unandionetsa zakuda. Choyamba, pepala la m'kope linafufuma ngati chitumbuwa. Akuti pamafunika lochindikala, lolembedwa magalamu 300, lokhakhala. Chachiwiri, ndinafunafuna woyera m'kabokosimo, mwanayo n'kundiuza kuti akatswiri a utoto umenewu woyera samudalira, kuyera ndi pepala lomwelo, umangolilambalala. Chachitatu, anati ndipake kaye buluu wamadzimadzi ponseponse, ndidikire aume, kenaka ndiviike burashi mu utoto, ndiipukute pansanza mpaka itsale pang'ono kuuma, ndiyeno ndiikweke mopendekera. Utoto umangogwira pamitu ya timapiri ta pepala, m'zigwa n'kutsala moyera, ndipo zoonadi nsalu inaonekera. Koma utoto wa madzi wosafuna madzi ndi utoto wa chiyani? Anandipatsanso kandulo kuti ndikhule pantchafu ndisanapake, poti madzi sagwira paphula. Paja anati wodya phula ndi wosafunsa. Ine ndafunsa chonsechi, bwanji andipatsanso phula lomwelo?

Za mayina a buluu ndiye musandifunse. Pali ultramarine, amene kale ankamupeza popera mwala wa m'mapiri a ku Afghanistan, ndipo ankadula ngati golide mpaka anthu anaphunzira kumupanga m'ng'anjo m'zaka za m'ma 1820. Ndi yemwe uja amayi athu ankasungunula m'beseni potsukuluza malaya oyera a sukulu. Buluu woyeretsa zovala! Palinso buluu wa ku Prussia, amene anatulukira mwangozi ku Berlin kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, munthu akufuna kupanga utoto wofiira. Ndiye pali kachubu kolembedwa kuti indigo. Ndinasangalala kuti ndapeza mwini wake wa jinzi. Nditawerenga timalemba ta kumbuyo, ndinapeza kuti muli buluu wina wosakaniza ndi wakuda, indigo mulibemo. Chifukwa chake? Akuti indigo weniweni amasuluka ndi dzuwa, ndiye ojambula samufuna. Kodi si kusuluka komweko kumene tasonkhanira pano?

Nditatopa ndi mabuku ndinapita kwa mkulu wina wolemba zikwangwani pamsika wathu, amene anajambula anyamata onse ali pakhoma la malo ometera. Ndinamupeza ali ndi zitini zitatu za penti wa mafuta ndi burashi yothothoka. Ndinamufotokozera za ulusi woimirira ndi wogona, za ndevu za mphaka, za midima iwiri. Ankamvetsera uku akutakasa penti ndi kamtengo. “Madala, mwadzivutitsa,” anatero. “Jinzi ndi msoko.” Anapaka buluu wosalala, chimodzimodzi wa mlonda wanga uja. Kenaka anatenga kaburashi kowonda n'kudontheza timizere tiwiritiwiri ta mtundu wa lalanje m'mbali mwa mwendo, kuzungulira zipi ndi pakamwa pa thumba. Anawonjeza kathumba kakang'ono mkati mwa thumba lakumanja, timadontho ta mkuwa m'makona, ndi tizingwe tolowetsamo lamba. Mphindi zisanu, jinzi iyo. Telala akuti ndi kaombedwe, mabuku akuti ndi kusuluka, uyu akuti ndi msoko. Onsewa ndi akatswiri. Kodi anthu amenewa amakumana?

Timadontho ta mkuwa tija tili ndi mbiri. Telala wina wa ku Reno ku America, Jacob Davis, ankasokera mabuluku anthu a ntchito zolemetsa, matumba n'kumang'ambika m'makona. Anaganiza zokhomapo timisomali ta mkuwa ngati timene ankakhoma pa zofunda za akavalo. Polembetsa nzeru yakeyo kuboma anagwirizana ndi wamalonda amene ankamugulitsa nsalu, Levi Strauss wa ku San Francisco, ndipo chikalata chinatuluka pa 20 May 1873. Kathumba kakang'ono kaja kanali ka wotchi ya tcheni. Ndani ali ndi wotchi ya tcheni lero? Mwanga ine mumakhala chenji cha minibasi. Komatu ukakasiya pachithunzi, anthu amati si jinzi. Dzina la nsaluyi loti denim akuti linachokera ku mzinda wa Nîmes ku France, loti jinzi ku Genoa ku Italy, utoto ku India, misomali ku America, ndipo kansalu ka m'chiuno mwa yangayi kakuti inasokedwa ku Lesotho. Ndikamaijambula, ndikujambula chovala cha kwa ayani?

Mwanayo anatulukira njira ina. Anatenga chikuto chabuluu cha fayilo yakale n'kuyamba kujambulapo ndi choko chimene anatola m'kalasi, pensulo yakuda n'kumangoikira mithunzi. Ine ndinkayamba ndi pepala loyera n'kumathira buluu. Iye akuyamba ndi buluu n'kumathira kuyera, monga mmene jinziyo imakalambira. Pampendero wa kumapazi anadontheza choko modumphadumpha, poyera, pakuda, poyera, pakuda, mpaka panaoneka ngati chingwe chopota. Telala uja anali atandiuza kuti nsalu ikachapidwa imakhwinyata mosiyana ndi ulusi wosokera, msoko n'kuchita timapiri, ndipo timapirito ndi timene timayamba kusuluka. Zake zinaoneka bwino kuposa zanga, chonsecho choko anachita kutola. Wina akuwonjeza mdima, wina akuwonjeza kuwala, onse n'kufika pa buluku limodzi. Pa masamu anatiuza kuti kuphatikiza ndi kuchotsera n'zosiyana. Anatinamiza, kapena jinzi sinapite kusukulu?

Ndinkaganiza kuti vutoli ndi la masiku ano, koma ayi. Kumpoto kwa Italy, m'zaka za m'ma 1600, kunali wojambula wina wokonda kujambula amphawi ndi penti wa mafuta: mayi wopemphetsa ali ndi ana awiri, kamnyamata kogwira chidutswa cha chakudya, mayi akusoka. Ambiri mwa iwo anawaveka nsalu yabuluu yokhuthala, ndipo pamene yang'ambika anaonetsa timaulusi toyera tikulendewera. Zithunzi zake zinaonetsedwa pamodzi ku Paris mu 2010. Sanasiye dzina, ndiye ofufuza anangomutcha Katswiri wa Jinzi Yabuluu. Taganizani, zaka pafupifupi 200 Jacob Davis asanakhome msomali ndi umodzi womwe. Anamuphunzitsa ndani? Kwa iye ulusi wolendewerawo unali chizindikiro cha umphawi. Lero mwana wa bwana amawonjeza ndalama kuti buluku lake libwere litang'ambikang'ambika kale. Ndikajambula chibowo pabondo, woonera alire kapena asirire?

Chibowocho pachokha n'chovuta. Umajambula bwanji chinthu chimene palibe? Nditayang'anitsitsa cha pabondo lakumanzere, ndinaona kuti umene unatha ndi ulusi wabuluu woimirira uja, poti ndiwo uli pamwamba, umayamba ndi iwo kukumana ndi dziko. Woyera wogona unatsala, utayalana mopingasa ngati nsambo za bangwe. Kuseri kwake kuli mdima, kapena khungu la mwini wake. Ndiye umayamba wajambula mdimawo, kenaka n'kudutsitsapo timizere toyera ndi penti wokhuthala, kapena kukanda pepala ndi nsonga ya lezala. Mayi anga akanaona chibowo chotere akanafunafuna chigamba usiku womwewo, kuopa kuti anthu anganene kuti mwanayu alibe kwawo. Ine ndinakhala maola awiri ndikuchikongoletsa, ulusi umodziumodzi. Akanakhala moyo ndikanawauza kuti chiyani?

Wogulitsa kaunjika anandiwonjezera chizungulire. Anati, “Bwana, zambiri mukuziona zoyera m'ntchafuzi sanayeretse ndi munthu ayi, zinachoka kufakitale zili choncho.” Ndi zoona. Amazichapa m'makina pamodzi ndi miyala yopepuka ya kumapiri ophulika, amazikhula ndi sandipepa, ndipo masiku ano kuwala kwa laser kumawotcha ndevu za mphaka zija m'kanthawi kochepa potsatira chithunzi cha pakompyuta. Enanso ankazipopera mchenga, mpaka anyamata ambiri a ntchitoyo ku Turkey anadwala mapapo ndi fumbi lake, ena n'kumwalira, ndipo dzikolo linaletsa njirayo mu 2009. Munthu kufa kuti buluku la mnzake lioneke ngati lagwira ntchito? Ndiye kuti wa sandipepa uja nayenso ndi wojambula ndi chofufutira ngati ine. Wogulitsayo anati za kufakitale umazidziwa poti miyendo iwiri imafanana ndendende, pamene munthu weniweni sagwada mofanana. Ndikakopera jinzi yoteroyo, ndajambula buluku kapena ndajambula chithunzi cha mnzanga?

Ena zikuoneka kuti anangogonja. Ku England kuli Ian Berry wa ku Huddersfield, amene penti sagwira n'komwe. Amasonkhanitsa majinzi akale n'kumadula tizidutswa ndi sizasi, toderapo apa, tosulukirapo apo, n'kumamata mpaka patuluke msewu, sitolo kapena nkhope ya munthu. Ukaima patali umati ndi chithunzi cha kamera. Ife tikuvutika kusandutsa penti kuti akhale jinzi, iye akusandutsa jinzi kuti ikhale penti. Amayi a kumudzi kwathu akhala akulumikiza zigamba kupanga zofunda kuyambira kale, koma sindinamve kuti wina anawaitanira ku London. Mayi a kunyumba atandiona ndikuyang'ana jinzi yanga sizasi ili m'manja, anangoti, “Bambo, muyerekeze.” Ndinaibweza m'dirowa. Koma funso linatsala: munthu akajambula jinzi ndi jinzi yomwe, wajambula kapena wasoka?

Loweruka lachitatu ndinaphatikiza zonse. Ndinakhula kandulo pantchafu, ndinapaka ultramarine wosakaniza ndi kabulauni pang'ono kuti asawale ngati yunifolomu, ndinadikira, ndinakweka burashi youma, ndinaika timizere topendekera malo atatu okha monga mabuku ananenera, ndinadetsa m'makwinya ndi 6B, ndinafufuta pamsana pake, n'kumaliza ndi pensulo ya lalanje m'misoko. Ulendo uno sindinajambule buluku la m'mutu mwanga. Ndinatsata chilichonse chimene chinali pampandopo, banga lililonse pamalo pake, ngati mlembi wa pabwalo la milandu. Ndinajambula kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mwanayo atafika anaimika chithunzicho pawindo, anabwerera m'mbuyo mapazi atatu, n'kugwedeza mutu. “Tsopano ndi jinzi, amalume,” anatero. “Koma si yanu.” Si yanga bwanji, poti ndinaigula ndi ndalama zanga, nditanenerera mpaka wogulitsa kudandaula?

Anandiuza kuti ndiivale. Ndinavala n'kuima pagalasi. Poyera pa bondo panali chikhatho chathunthu m'munsi mwa bondo langa, ndiye chifukwa chake ndimaipinda kumapazi. Pathumba lakumbuyo lakumanzere panali chidindo cha chikwama, chonsecho ine chikwama ndimaika kumanja, ndipo changa sichinanenepepo choncho. Pathumba linalo panali mkombero woyera ngati wa kachitini, chinthu chimene sindinanyamulepo. Miyendo iwiriyo sinafanane, kusonyeza kuti si ntchito ya fakitale. Munthu wina wamtali, wokonda kugwada ndi bondo limodzi, anakhala m'buluku limeneli zaka zingapo kutsidya kwa nyanja lisanalowe m'belo. Zanga zinalipo ziwiri zokha: kufiira kwa katondo popinda paja, kumene sikuchoka ngakhale pamwala wochapira, ndi banga la oyilo wa tcheni cha njinga kumwendo wakumanja. Masabata atatu onsewa ndakhala ndikujambula munthu amene sindinamuonepo nkhope?

Lolemba mwanayo anakapereka chake cha choko chija, changa n'kutsala pakhoma la pabalaza. Alendo akabwera amati, “Koma ndiye jinzi yeniyenitu,” ine n'kumavomera, ngakhale mpaka lero palibe wandiuza ngati ndi yabuluu. Mayi a kunyumba akuti chithunzi chopanda dzina n'chamasiye, ndilembepo pansi kuti anthu adziwe mwini ntchito. Pensulo ndasongola. Koma timizere anaomba ndi makina, kuyera anafufuta ndi maondo a mlendo uja, potsala akumaliza ndi maso a woonera, ine ndangowonjezapo katondo ndi oyilo. Ndilembe dzina la yani? Kodi akudziwa, kumene aliko, kuti maondo ake ali pakhoma langa? Ndipo jinziyi ikadzandithina, wina n'kuitola n'kuikoleka pampando wake, adzakhala akujambula ndani?